Agogo ali kutali, nanga mwana amulangize ndani?

M'mabanja ambiri kwa Kanyenda m'boma la Nkhotakota, kholo limakamba ndi mwana za sukulu, za kumunda ngakhale za mtengo wa usipa, koma nkhani ikafika pa zogonana pakamwa pamauma. Kwa ambiri, bambo kapena mayi kutchula zoterezi pamaso pa mwana wake ndi kulaula.

Manyaziwa sadayambe lero. Pamwambo, ntchitoyi idali ya ena. Mtsikana akatha msinkhu ankamulangiza agogo, azakhali ndi anamkungwi, pomwe mnyamata ankamvera kwa atsibweni. Makolo ankakhala chete podziwa kuti wolankhula alipo, ndipo ali m'mudzi momwemo.

Koma dera la mfumu Kanyenda lidasintha. Chitsegulireni fakitale ya shuga ku Dwangwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kwakhala kukubwera anthu ochokera m'maboma osiyanasiyana, ena kudzadula nzimbe, ena kudzachita malonda mumsewu wa M5, enanso kudzasodza m'nyanja. Mabanja otere adasiya agogo ndi azakhali kumudzi. Manyazi adasamuka nawo, koma alangizi adatsala.

Mpata umenewu sukhala wopanda mwini. Anzake a mwana, nyumba zoonetsera mafilimu ndi foni zam'manja ndizo zasanduka anamkungwi. Kugombe nako, mnyamata wothandiza kukoka makoka amagwira ndalama akadali wamng'ono, ndipo mtsikana wosowa sopo ndi makope savuta kunyengeka.

Ziwerengero za dziko lino zikuonetsa kukula kwa vutoli. Kafukufuku wa zaumoyo wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 adali ndi mwana kapena pathupi, ndipo amayi 42 mwa 100 a zaka 20 mpaka 24 adakwatiwa asadafike zaka 18. Sukulu zitatsekedwa mu 2020 kaamba ka Covid-19, boma lidapeza kuti atsikana pafupifupi 40 000 adatenga pathupi. Nthawi imeneyo ana adali pakhomo, m'manja mwa makolo awo.

Malamulo alipo. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa zaka 18 kuti ndiwo msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 idachotsa m'malamulo aakulu a dziko ndime yomwe inkalola ana a zaka 15 kukwatiwa makolo akavomereza. Kuyambira 1993, mtsikana wochembeza amaloledwa kubwerera kusukulu. M'kalasi muli phunziro la Life Skills.

Komabe lamulo limafika zinthu zitaonongeka kale, ndipo mphunzitsi wa ana ochuluka sangadziwe kuti mwana uyu wayamba kufika mochedwa pakhomo kapena ali ndi foni yomwe sadamugulire makolo ake. Woona zimenezi ndi kholo.

Chovuta n'chakuti makolo ambiri akati alankhule, amangoopseza kuti ukadzatenga mimba usadzaponde pakhomo pano. Mawu otere amaphunzitsa mwana kubisa. Mtsikana wogwiriridwa amakhala chete, wodwala matenda opatsirana pogonana amakagula mankhwala mwamseri, ndipo wina amataya moyo poyesa kuchotsa pathupi kuopa ukali wa bambo ake. Anyamata ndiye sauzidwa n'komwe, ngati kuti mimba imabwera yokha.

Ena amaopa kuti kukamba nkhanizi n'kumuonetsa mwana njira. Koma kafukufuku yemwe bungwe la UNESCO lidasonkhanitsa kuchokera m'maiko ambiri adaonetsa kuti kuphunzitsa achinyamata zoona zake sikuwafulumizitsa kuyamba zogonana, ndipo nthawi zambiri kumawathandiza kudikira.

Kholo lomwe lilime likulemera silikuyenera kuphwanya mwambo. Litha kuchita kusankha munthu wokhulupirika, kaya mayi wa gulu la amayi a pasukulu, mlangizi wa kumpingo kapena kumzikiti, kapenanso namwino wa pachipatala, n'kumuuza mwanayo kuti akakhala ndi funso apite kwa ameneyo. Chotsalira kwa kholo ndi kumutsimikizira mwana kuti zikavuta, woyamba kumva akhale mayi kapena bambo, ndipo sadzapirikitsidwa.

Izi ziyambe mwana asadathe msinkhu, pakuti kuongola mtengo mpoyamba. Banja lomwe likudikira kuti agogo adzabwere pa Khirisimasi litha kudzawalandira ndi chidzukulutuvi.