Kapaselo ka mlendo: pa Intercity n'cifundo, ku Moscow ni ndende

Ife a mu Lusaka kunyamulilana katundu tinakuzolowela. Pa Intercity munthu amabwela ndi kathumba komanga bwino, n'kupatsa kondakitala wa basi ya ku Chipata, ati "mukasiyeko pa Katete, mlongosi wanga azakutumilani foni." Palibe amene amamasula kuti aone za mkati. Ngakhale mu minibasi ya ku Matero kapena ku Chawama, amai akakuika cola pa miyendo kuti akhale bwino, umalandila cabe osafunsa. Umenewu ni umunthu wathu ndipo sindifuna kuti uthe. Koma mwana akapeza malo a maphunzilo kunja, ine ndiona kuti mtima wabwino womwewu ndiwo ungamugwetse m'dzenje.

Tikamapelekeza mwana pa Kenneth Kaunda International Airport, malangizo athu amakhala amodzimodzi: uzivala zofunda, usamayende usiku, usiye mowa, upeze chalichi. Zonsezi n'zabwino. Mzinda ngati Moscow uli ndi anthu oposa 12 miliyoni, kuzizila kwake n'koopsa, ndipo munthu wakuda amakumanako ndi tsankho nthawi zina. Koma nkhani imene inatiliza tonse mu 2022 sinayambile mu bala kapena mu kanjila ka mdima. Inayambila pa ganyu.

Dzina la mnyamatayo sindilichula, banja lake lalila mokwanila. Anali pa sikolashipu ya boma, kuphunzila uinjiniya wa nyukiliya pa Moscow Engineering Physics Institute. Atate ake anauza atolankhani kuti mwana wao anali kugwila ganyu yopeleka mapaselo, ndipo munthu wina wosamudziwa anamupatsa phukusi limene apolisi anapezamo mankhwala osokoneza bongo. Mu 2020 khoti inamupatsa zaka 9 ndi miyezi 6. Ali m'ndende, gulu la asilikali aganyu la Wagner linamutenga, monga mmene linali kutengela akaidi ambili powalonjeza ufulu akamenya nkhondo kwa miyezi 6. Anafela ku Ukraine mu September 2022 ali ndi zaka 23. A Stanley Kakubo, amene anali nduna yoona za kunja panthawiyo, analengeza za imfayo mu November, ndipo mtembo unafika kuno mu December.

Tambili tinakwiya ndi nkhani ya nkhondo, ndipo m'pake. Koma bwelelani kumbuyo pang'ono. N'ciani cinacititsa mwana wanzelu conco, wophunzila zinthu zimene ise ena sitingazichule n'komwe, kuti aziyendayenda ndi mapaselo a anthu mu mzinda wa eni?

Pa masikolashipu ambili otele, dziko limene lamuitana limalipila maphunzilo ndi kupeleka kandalama kocepa, ndiye boma lathu limawonjezelapo kupyolela mu Higher Education Loans and Scholarships Board, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016. Papepala zimaoneka zokwana. Koma mwana afunika jekete yeniyeni ya cisanu, nsapato, inshuwalansi ya cipatala, ndalama yokonzela mapepala, cakudya. Ndalama ikacedwa ngakhale mwezi umodzi, kulibe kwa amalume ku Kanyama kumene angapite kukadya nsima, kulibe kantemba komukongoza pamela. Kucokela mu March 2022 zinthu zinafika povuta kwambili, cifukwa makhadi a Visa ndi Mastercard ocokela kunja analeka kugwila nchito ku Russia, ndipo Western Union inaimitsa nchito zake kumeneko. Kholo lingakhale nayo ndalama m'manja pano pa Cairo Road, koma njila yoitumila n'kusowa.

Manje apa ndiye pamene amalonda a mankhwala amalowela. Ku Russia malonda amenewa kambili sacitika pamanja. Wogula amalipila pa intaneti, ndiye munthu wina amatumidwa kukabisa kaphukusi pansi pa benchi, m'maluwa kapena kuseli kwa paipi, n'kujambula malowo. Anthu obisa amenewa amawapeza ndi zilengezo za pa Telegram ndi malo ena, zolembedwa monga nchito wamba yopeleka katundu, ya malipilo abwino, yosafuna kudziwa bwino cinenelo. Kwa mwana wa caka coyamba, amene akali kuphunzila Cirasha ndipo m'thumba muli mbee, cilengezo cotele cimaoneka ngati yankho la pemphelo. Mwini katundu saoneka nkhope. Amene amagwidwa ni wonyamula, ndipo lamulo la kumeneko pa kugulitsa mankhwala limapeleka zaka zambili. Mau akuti "sin'nadziwe zimene zili mkati" ni ovuta kuwatsimikizila pamaso pa woweluza, makamaka ngati ukamba kupyolela mwa womasulila.

Ena adzati ndiye tileke kutumiza ana kunja. Ine sindivomeleza. Madokotala ndi mainjiniya ambili amene akutitumikila lelo anaphunzila ku Russia, ku China, ku India, ku Cuba, ndipo anabwelako bwinobwino. Mwana wa mai wogulitsa tomato pa Soweto Market akapeza mwai wotele, kumuletsa n'kumulakwila. Cimene ndikana n'cakuti tizimutumiza ndi Baibulo ndi kapenta cabe, osamuuza zoona zake za ndalama.

Makolo, tiyeni tikambe cilungamo. Ena a ife mwana akangotsika ndeke timayamba kumuona ngati wapita ku migodi ya ku Joni. Pa WhatsApp mauthenga ni akuti "tumako kangacepe, mng'ono wako bamupitikisa ku sukulu," kapena "nifunako foni ya kumeneko." Mwanayo acita manyazi kukamba kuti iye mwini agona ndi tiyi. Wophunzila si wanchito. Ngati simungathe kumutumila, musamupemphe. Ndipo akakuuzani kuti wapeza ganyu, musangoti "Mulungu ni wabwino." Funsani kuti kampaniyo dzina lake ndani, ofesi yake ili kuti, anasaina pepala lanji, ndipo sukulu ikudziwa kapena iyai. Bwana amene amapezeka pa foni cabe, wosaonetsa nkhope, si bwana.

Kwa iwe mng'ono wanga amene uli pafupi kunyamuka: thumba limene sunalongedze wekha usalinyamule, kaya pa eyapoti, kaya mu sitima ya pansi, kaya wakupempha ni mu Zambia mnzako wokamba Cinyanja cabwino. Ukafika, kalembetse dzina ku embase yathu, ndipo nambala yao uilembe papepala, cifukwa apolisi akakugwila foni ndiyo imayamba kulandidwa. Pasipoti ndi mapepala okulola kukhala m'dzikolo uziwasamala ndipo asamathe mphamvu, makope ake usiye kwa amai ako. Zikavuta, usasaine pepala lililonse la cinenelo cimene sucimva bwino. Pempha womasulila ndi loya. Pangano la ku Vienna la 1963 lokhudza nchito za akazembe limapatsa mlendo womangidwa ufulu wakuti embase ya dziko lake iuzidwe, koma uyenela kupempha ndi pakamwa pako.

Boma nalo lili ndi mbali yake, ndipo ni yaikulu kuposa ya makolo. Ngati tasankha mwana ndi kumukweza ndeke m'dzina la Zambia, ndalama yake izifika pa tsiku lodziwika, monga mmene malipilo a nduna amafikila. Asananyamuke, akhale pansi ndi amene anaphunzilako kumeneko, amuuze za maganyu abodza amenewa mosabisa, osati mwambo wa zithunzi ndi mbendela cabe. Ana amene amapita okha kupyolela mwa maejenti naonso alembedwe, cifukwa akagwa m'mavuto ni a Zambia ndithu. Ndipo wophunzila wathu akamangidwa, wa ku embase azimuyendela kawilikawili ndi kuuza banja mmene alili. Mnyamata uja anacotsedwa m'ndende, anapita ku nkhondo, anafa mu September, ndipo dziko lake linamva mu November. Aphungu athu afunse mu Nyumba ya Malamulo kuti ni ana angati a Zambia amene ali m'ndende za kunja lelo, ndipo ni liti pamene munthu wa boma anawaona komaliza.