Nyale ya oyilo ikayaka, dalaivala aime

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, magalimoto a makalabu ndi makopaletivi athu sapuma. Lero asenza soya, mawa mtedza, mkuja mabelo a fodya opita ku Kanengo, ku Chinkhoma, ku Limbe kapena ku Mzuzu. Ndi m'nyengo yomweyi pamene timalandira madandaulo akuti injini yanoka, galimoto ili pa miyala kuseri kwa nyumba ya wapampando, ndipo mamembala ayamba kulozana zala. Tikafunsitsa, nthawi zambiri nkhani imathera pa kanyale kamodzi kofiira kamene kanayaka kutsogolo kwa dalaivala, iye n'kupitirira ulendo.

Kanyale kameneka kali ndi chithunzi cha kachitini kothirira oyilo, kokhala ngati ketulo yodontha. Mukatembenuza kiyi injini isanalire kamayaka, ndipo injini ikalira kayenera kuzima m'kamphindi kochepa. Anthu ambiri amaganiza kuti kakayaka panjira ndiye kuti oyilo wachepa pang'ono, tikathira tikafika. Ayi. Nyale yofiirayo imanena kuti mphamvu imene imakankha oyilo kuti azungulire m'injini yagwa. M'kati mwa injini muli zitsulo zimene zimazungulira kambirimbiri pa mphindi imodzi, ndipo chimene chimaziletsa kukhulana ndi kaoyilo kopyapyala kamene pampu imakankhira pakati pake. Kaoyiloko kakasowa, chitsulo chimadya chitsulo chinzake. Ntchito yowonongayo sitenga tsiku, imatha m'mphindi zowerengeka. Magalimoto ena atsopano ali ndi nyale ina yachikasu yochenjeza kuti oyilo wachepa, ndipo imeneyo ndi imene imapatsa munthu mpata wofika pamalo othirira. Yofiira ilibe mpata wotero.

Choyenera kuchita n'chosavuta. Dalaivala apatuke pamalo abwino, azimitse injini nthawi yomweyo, adikire mphindi zingapo kuti oyilo atsikire pansi, kenaka asolole kachitsulo koyezera, akapukute, akabwezere ndi kukasololanso. Galimoto ikhale pamalo athyathyathya. Ngati oyilo ali pansi pa chizindikiro cha m'munsi, athire mpaka afike pakati pa zizindikiro ziwirizo osapyola cha pamwamba, ndipo asuzumire pansi pa galimoto ngati sipakudontha. Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri, kuchoka pa chizindikiro china kufika pa chinzake ndi pafupifupi lita imodzi. Koma ngati oyilo alimo wokwanira, kapena wathiridwa koma nyale ikuyakabe, injiniyo isalizidwenso. Mwina pampu yafooka, mwina kasefa ka pansi katsekeka ndi matope a oyilo wakale, mwinanso kachipangizo koyatsa nyaleko ndiko kafa. Dalaivala sangadziwe zimenezi ali m'mbali mwa msewu. Galimoto ikokedwe kupita kwa makaniko amene ali ndi geji yoyezera.

Tikudziwa kuti madalaivala ambiri zimenezi anazimvapo. Nanga n'chifukwa chiyani sayima? Apa ndi pamene ife atsogoleri a magulu a alimi tiyenera kudziyang'ana. Dalaivala amene wayima panjira ndi matumba a mamembala amadziwa chimene chikumudikira: wapampando amukalipira kuti wachedwetsa katundu, msungichuma amufunsa kuti ndalama yokokera galimoto ichokera kuti, ndipo pamsonkhano wina anong'oneza kuti anapatukira kukanyamula matola. Ndiye mnyamatayo amasankha kulimba mtima n'kuyenda makilomita khumi otsalawo. Injini ikafa, komiti yomweyo imamuchotsa ntchito. Ife tikuti gulu lililonse lilembe m'malamulo ake kuti dalaivala amene wayima chifukwa cha nyale yofiira sadzadulidwa malipiro ngakhale kudzudzulidwa, ngakhale makaniko atapeza kuti inali waya chabe. Tikudzudzulanso mchitidwe wa amakaniko ena amene akatopa ndi nyale yovutitsa amangodula waya wake kapena kumatapo tepi. Pogula galimoto yakale, tembenuzani kiyi muone ngati kanyaleko kakuyaka. Ngati sikakuyaka n'komwe, funsani chifukwa chake musanapereke ndalama.

Komabe nyaleyo imayaka zinthu zitafika kale poipa. Chitetezo chenicheni ndi kusintha oyilo pa nthawi yake. Bukhu la galimoto iliyonse limanena mtunda wake, koma ambiri mwa magalimoto athu ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, ndipo bukhu lake likapezeka limakhala m'Chijapanizi. Opanga magalimoto amafupikitsa mtunda umenewu pamene galimoto ikuyenda m'fumbi ndi kusenza katundu wolemera, ndipo umenewo ndiwo moyo wa tsiku ndi tsiku wa galimoto ya mlimi. Pa pikiapu ya dizilo yakale yoyenda m'misewu yathu ya dothi, makilomita 5,000 ndi malire abwino, ndipo fyuluta isinthidwe pamodzi ndi oyilo. Kuthira oyilo watsopano pa fyuluta yakale kuli ngati kuthira madzi a pamjigo mu ndowa yosatsuka. Thirakitala, chigayo ndi pampu yothirira sizimawerengedwa makilomita koma maola. Mathirakitala ambiri amafuna oyilo watsopano pakatha maola 250. Injini ya petulo ya Honda GX160, imene ili pa mapampu ambiri a kudimba, imalowa oyilo wongopitirira theka la lita, ndipo opanga ake amati asinthidwe pakatha maola 20 oyambirira, kenaka maola 100 alionse. Theka la lita! Pampu zambiri zimene zangokhala m'nyumba za alimi zinafa chifukwa cha oyilo wochepa chonchi.

Oyilo wakwera mtengo, makamaka chichokereni kutsitsidwa mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Sitikukana. Koma kukwera komweko kwakwezanso mtengo wa mapisitoni, mabering'i ndi zina zonse zimene zimafunika injini ikanoka, popeza zonsezi zimachokera kunja. Vuto la magulu athu ambiri n'lakuti ndalama ikalowa imagawidwa yonse, ndipo ya oyilo imafunidwa tsiku limene makaniko waitchula. Gulu lizipatula kangachepe pa ulendo uliwonse kapena pa ndowa iliyonse yogayitsa, ndi kusunga kope limodzi m'galimoto momwe mulembedwe tsiku, makilomita kapena maola, mtundu wa oyilo ndi amene wasintha. Kopelo liziwerengedwa pamsonkhano monga timawerengera lipoti la zachuma.

Tichenjerenso ndi oyilo woyezedwa m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Maso sangasiyanitse oyilo wabwino ndi wakale amene wangosefedwa. Gulani wa m'chigubu chomata, ndipo werengani zolembedwapo. Manambala monga 15W-40 kapena 20W-50 amanena za kulimba kwa oyilo kukazizira ndi kukatentha, ndipo pa zilembo za API, zoyamba ndi C ndi za injini ya dizilo pomwe zoyamba ndi S ndi za petulo. Kuda kwa oyilo pa injini ya dizilo sikodabwitsa, amada msanga. Choopsa ndi oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, chifukwa ndiye kuti madzi alowa.

Oyilo wakale asatayidwe pafupi ndi chitsime kapena m'dimba, ndipo asapakidwe pa zilonda za ng'ombe kapena pophera nkhupakupa monga ena amachitira. Muli zoipa zimene zimavulaza khungu la chiweto ndi la munthu yemwe.

Kwa mabungwe ndi mapulojekiti amene amapereka makina kwa alimi, pempho lathu ndi ili: musamathere pa mwambo wopereka ndi kujambulitsa. Makina aliwonse azibwera ndi pepala la m'Chichewa kapena chiyankhulo cha deralo lonena mtundu wa oyilo, kuchuluka kwake ndi maola osinthira, komanso tsiku limodzi lophunzitsa anthu osachepera awiri a m'gululo, mmodzi mwa iwo akhale mayi. Tikupempha a Malawi Bureau of Standards kuti aziyendera misika ya m'maboma kuona oyilo amene akugulitsidwa kumeneko, ndipo a TEVETA aganizire maphunziro aafupi a kasamalidwe ka injini ochitikira kumidzi m'miyezi imene ntchito ya kumunda yachepa. Ku unduna wa zamalimidwe tikuti alangizi amene akutumizidwa kukalimbikitsa ulimi wa mthirira apatsidwenso luso limeneli, pakuti mlimi pampu yake ikayamba kutsokomola, woyamba kufunsidwa amakhala mlangizi.