Setilaiti Inatitsina Khutu, Uthenga Unafera Panjira

Tsiku lina madzulo, kachisisira katangoyamba, tinaona timagetsi titandandalikana mumzere kumwamba, tikuyenda mwakachetechete kudutsa pamwamba pa phiri la Tumbine. Panalibe phokoso kapena utsi. Agogo ena oyandikana nafe anakokera adzukulu awo m'nyumba. "Ana inu, zimenezo saloza ndi chala," anatero akukankha chitseko. "Ndi a malichero amenewo, akupita kumsonkhano wawo." Mnyamata wa kabaza amene anaima nafe anaseka mpaka kutsamira njinga yake. "Ayi agogo, ndi Starlink imeneyo, katundu wa Elon Musk."

Mnyamatayo ananena zoona. Masetilaiti a Starlink akangoponyedwa kumene amayenda motsogozana choncho asanabalalike, aliyense kupita pamalo pake, pamtunda wa makilomita mazana angapo kuchokera pansi pano. Koma nditamufunsa kuti zimenezi zamupindulira chiyani, anangoti, "Achimwene, za kumwamba n'za azungu. Ife bola thumba la chimanga liwoloke lifike pa Limbuli." Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri kuno ku Milange, kwa aphunzitsi, kwa ogulitsa nandolo, ngakhale kwa akuluakulu a m'maofesi. Ine ndikuti ndi olakwika, ndipo kulakwika kwake kumatipha.

Zina mwa nkhani za m'mlengalenga ndi zionetsero ndithu, sindikukana. Pa 13 October 2024 kampani ya SpaceX inabweza chiroketi chachikulu cha Starship n'kuchiwakha ndi mikono yachitsulo ku Texas, dziko lonse likuonerera pafoni. India inatsitsa chombo chake Chandrayaan-3 pafupi ndi kummwera kwenikweni kwa mwezi pa 23 August 2023. China inabweretsa dothi la kuseri kwa mwezi mu June 2024. Amereka akufuna kubwezera anthu kumwezi kumene anapondako komaliza mu 1972. Mpikisano umenewo tiwasiyire eni ake. Mayi wa ku Majaua sadzadya dothi la kumwezi.

Koma kumbukirani Freddy. Namondwe ameneyu anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa February 2023, n'kuwoloka nyanja yonse ya Indian, mtunda wopitirira makilomita 8,000. Anamenya Madagascar pa 21 February, analowa mu Mozambique cha ku Vilankulo pa 24 February, anabwereranso kunyanja kukatenga mphamvu, ndipo pa 11 March anatsikira pafupi ndi Quelimane n'kulunjika kwathu kuno. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linatsimikiza kuti anakhala ndi moyo masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene analembedwapo. Masiku onsewo panalibe ola limene Freddy anasowa m'maso mwa masetilaiti. Ena mwa iwo, a Meteosat, amakhala makilomita 36,000 kumwamba, akuzungulira pa liwiro lofanana ndi la dziko, choncho amaoneka ngati angoima malo amodzi n'kumayang'ana pansi usana ndi usiku. Akatswiri a pa chilumba cha La Réunion, amene amalondola anamondwe a chigawo chino, ankajambula njira yake tsiku ndi tsiku. Bungwe la zanyengo la INAM ku Maputo linalengeza, a zanyengo ku Blantyre analengezanso. Wakutsina khutu ndi mnansi, amatero akuluakulu, ndipo makina a kumwambawo anatitsina khutu kwa mwezi wathunthu.

Nanga zinatheka bwanji kuti anthu oposa 1,000 afe kapena kusowa ku Malawi, tsidya lina la mtsinje umene timawoloka tsiku lililonse? Ku Chilobwe mu Blantyre, ku Phalombe, ku Mulanje, matope ndi miyala zinatsika m'mapiri, anthu ambiri ali m'nyumba zawo. Kuno nako mitsinje inasefukira, minda inapita chimanga chitatsala pang'ono kucha.

Ndifotokoze zimene ndinaona ndi maso anga. Chenjezo linafika pafoni yanga m'Chipwitikizi, likunena za mvula ya mamilimita akutiakuti ndi mphepo ya makilomita akutiakuti pa ola. Ndinawawerengera azakhali anga n'kuwamasulira. Anandiyang'ana n'kufunsa, "Ndiye kuti titani, mwanangu? Tipite kuti? Mbuzi zanga azisunga ndani?" Ndinasowa chonena. Usiku wotsatira magetsi anathima, netiweki inazima, foni inasanduka tochi basi. Chithunzi chimene chinayenda makilomita 36,000 m'kuphethira kwa diso chinalephera kuyenda makilomita khumi otsiriza. Munthu wa m'mbali mwa phiri samva za mamilimita. Muuzeni kuti Napolo angatsike usiku uno, achoke m'khwawa, akagone kusukulu yakuti, katundu wake amuyang'anira amfumu ndi anyamata akuti. Napolo timamudziwa: anatsika pa Tumbine mu January 1998 n'kupha anthu ambiri kuno ku Milange, ndipo ku Phalombe anali atachita zomwezo mu 1991. Mawuwo tili nawo kale m'chinenero chathu, kungoti ofalitsa machenjezo amaona ngati si asayansi.

Wina asanene kuti machenjezo ndi opanda ntchito. Namondwe Idai anapha anthu oposa 600 mu Mozambique mu 2019. Freddy, amene anamenya dziko lino kawiri, anapha osakwana 200. Pakati pa zaka zimenezi bungwe loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi la INGD ndi makomiti a m'midzi anaphunzira kusamutsa anthu namondwe asanafike. Kumene uthenga unafika m'makutu, m'chinenero chomveka, ndi malo othawirako otchulidwa dzina, anthu anapulumuka. Mnyamata wa kabaza uja sakudziwa, koma za kumwambazo zinasunga abale ake ena.

Tsopano pali gulu lachiwiri limene ndikulimbana nalo, ndipo ili ndi la anthu ophunzira. Awa amati mankhwala ake n'kuti dziko lathu likhale ndi setilaiti yakeyake, yopakidwa mbendera. Amatchula Zimbabwe ndi Uganda, amene anaponya timasetilaiti tawo toyamba mu November 2022 mothandizidwa ndi yunivesite ya ku Japan. Amatchula Kenya mu 2023, Botswana mu 2025, ndi bungwe la African Space Agency limene linatsegulidwa ku Cairo mu April 2025. Sindikunyoza zimenezi. Ngakhale Edward Mukuka Nkoloso wa ku Zambia, amene mu 1964 ankagubuduza achinyamata m'migolo pa chitunda powaphunzitsa ulendo wa kumwezi, ine sindimuseka monga amachitira ena. Munthuyo anakana kuvomereza kuti kumwamba kuli ndi eni ake. Koma kulota n'kwina, kusaina cheke cha boma n'kwina. Angola inalipira madola mamiliyoni oposa 300 pa Angosat-1. Inaponyedwa mu December 2017, inasiya kuyankha, ndipo patangotha miyezi inayi analengeza kuti yatayika. Yolowa m'malo mwake inapita kumwamba mu 2022. Angola ili ndi mafuta, ikhoza kupirira chilonda chotere. Ife tili ndi nandolo amene mtengo wake umagwa India akangotseka chitseko.

Chopweteka n'chakuti zithunzi zimene tikanagulira setilaitiyo zilipo kale, zaulere. Za Landsat ya Amereka zakhala zaulere kuyambira 2008. Za Sentinel ya mayiko a ku Ulaya aliyense akhoza kuzitsitsa pa intaneti. Sentinel-2 imaona chinthu chotalika mamita khumi, ndipo Sentinel-1 imapenya pansi ngakhale kuli mitambo kapena mdima. Munthu wodziwa akhoza kukhala pa kompyuta n'kuona mmene minda yakwerera phiri la Tumbine chaka ndi chaka, pamene mitengo yatha, ndi makhwawa amene madzi adzatsikire. Nkhokwe ndi yotsegula, chosowa ndi wokatapa. Ku Mocuba kuli nthambi ya yunivesite ya UniZambeze yophunzitsa zaulimi ndi zankhalango. Ku Thyolo, tsidya linalo, kuli yunivesite ya MUST, kumene amaphunzitsa zanyengo. Ana athu akumaliza maphunziro kumeneko n'kumakagulitsa mayunitsi pamsika. Ndalama ya setilaiti imodzi ikhoza kulipira achinyamata oterewa m'boma lililonse la Zambezia kwa zaka zambiri, aliyense ali ndi kompyuta, sola ndi njinga yamoto.

Za Starlink nazo tisatengeke nazo ngati mwana woona galimoto koyamba. Inayamba kugwira ntchito mu Mozambique mu June 2023, ku Malawi mwezi wotsatira, ku Zambia mu October. Ndi chida chabwino: kadishi kamodzi ndi batire ya sola, ndiye kuti intaneti ilipo ngakhale nsanja zonse za mafoni zitagwa. Pakali pano madishiwa ali pamadenga a amalonda akuluakulu, a mabungwe ndi a malo ogona alendo. Ine ndikufuna ndiwaone pa wailesi ya m'dera ngati Thumbine, pachipatala cha kumudzi, ndi pasukulu iliyonse yosankhidwa kukhala pothawira. Koma tidziwe kuti kiyi wake ali m'thumba la munthu mmodzi. Musk ananena yekha mu 2023 kuti anakana pempho la Ukraine loti ayatse Starlink cha ku Sevastopol pa nthawi ya nkhondo. Kaya analakwa kaya sanalakwe, chigamulocho anachipanga yekha, wopanda nyumba ya malamulo yomufunsa. Ifenso tinalawa zofanana ndi zimenezi kuchokera pansi pompano, pamene intaneti ya m'mafoni inkazimitsidwa chisankho cha October 2024 chitatha. Chingwe chilichonse chili ndi mwini wake wokhoza kuchidula. N'chifukwa chake wailesi ya mabatire, mkuzamawu wa kumzikiti, belu la kutchalitchi ndi mluzu wa amfumu siziyenera kutayidwa chifukwa choti kwabwera dishi.

Ndiye pali nkhani ya malire, imene kwa ife si nkhani ya pamapu. Munthu wa kuno amayenda ndi masimu awiri, ina ya Movitel kapena Vodacom, ina ya TNM kapena Airtel. M'thumba muli meticais ndi makwacha. Amalima kuno, amagulitsa ku Limbuli, odwala amapita kumene kuli pafupi, maliro timalira limodzi. Mvula yogwa pa Mulanje imatsikira mu Muloza ndi Ruo, ndipo sipempha chidindo pachipata. Setilaiti imaona phiri la Mulanje ndi la Tumbine pachithunzi chimodzi. Chithunzicho chikafika pansi timaching'amba pakati, theka lipite ku Maputo likalembedwe m'Chipwitikizi, theka lipite ku Blantyre, kenaka zibwerere kwa anthu a banja limodzi pa maola osiyana ndi mawu osiyana. Nduna za mayiko a SADC zinakumana ku Maputo mu September 2022 n'kulonjeza kuti chenjezo lizifika kwa aliyense, ndipo United Nations inaika 2027 ngati chaka choti zimenezi zikhale zitatheka padziko lonse. Chikalata cha ndunazo chinasainidwa miyezi isanu ndi umodzi Freddy asanatsikire ku Quelimane.

Chotsatira Freddy kunabwera namondwe Chido mu December 2024 ndi Jude mu March 2025, ndipo wina akudza. Masetilaiti adzamuona akadali kutali, za izo musakayike. Pempho langa likupita kwa akuluakulu a boma la Milange ndi anzawo a ku Mulanje: mvula isanayambe khalani pansi pa Muloza, mugwirizane mawu amodzi a chenjezo m'Chichewa ndi m'Chilomwe, mutchule mudzi uliwonse wa m'mbali mwa phiri ndi sukulu imene anthu ake adzathawire, ndipo mawailesi a mbali zonse ziwiri aziwerenga uthengawo ola limodzi. Azakhali anga akadadikirabe yankho la funso lawo la mbuzi.