Usiku umene ndidachemerera mbava

Munthu akangokuwa pamsika kuti "wakubayo!" ine ndimayamba ndagwira thumba langa, kenaka n'kumufunira tsoka wothawayo. Foni adandiberapo kawiri, kachiwiriko m'minibasi dzuwa likuswa mtengo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umawawa. Choncho musandiyese munthu womvera chisoni mbava.

Komatu Loweruka lina posachedwapa ndidatha maola awiri maso ali pakanema, mtima uli m'mwamba, kupempherera anthu awiri kuti kuba kwawo kuyende bwino. Mlonda akamayandikira pomwe adabisala, thukuta linkatuluka kwa ine. Atatuluka ndi katunduyo ndidaomba m'manja ndekha ngati wozungulira mutu.

Filimu yake ndi How to Steal a Million, yomwe idatuluka m'chaka cha 1966. Dzinalo likukamba za kabedwe ka miliyoni. Adaiongolera ndi William Wyler, mkulu yemwe uja adapanga Ben-Hur m'chaka cha 1959, ndipo akatswiri ake ndi Audrey Hepburn ndi Peter O'Toole. Onse atatuwa adatisiya kale, koma filimuyi sidazizirebe.

Nkhani yake idachitikira mumzinda wa Paris ku France. Kudali mkulu wina, Charles Bonnet, amene anthu ankamudziwa ngati mpondamatiki wosunga zithunzi za akatswiri akale. Chomwe sankadziwa n'choti zithunzizo ankajambula yekha m'kachipinda kobisika m'nyumba mwake, n'kumazigulitsa ngati za Cézanne kapena Van Gogh. Mwana wake Nicole, amene ndi Hepburn, ankakhalira kuwachonderera bambo akewo kuti asiye asanagwidwe.

Tsiku lina mkuluyu adabwereketsa chiboliboli cha Venus kunyumba yoonetserako zinthu zakale, ati chidasemedwa ndi Cellini, mmisiri wa ku Italy wa m'zaka za m'ma 1500. Chikhalirecho adasema ndi agogo ake a Nicole, akuyang'ana mkazi wawo. Tsoka ilo, Bonnet adasaina pepala la inshulansi ya madola 1 miliyoni osaliwerenga bwino, osadziwa kuti wavomereza kuti kadaulo adzachipime. Kuchilanda msanga kukadadzutsa mafunso. Kuchisiya, banja lonse lidali pamoto. Nicole adaona kuti njira ndi imodzi basi: kuba chinthu chawo chomwe.

Woti amuthandize adali naye kale. Usiku wina adapezerera mnyamata wovala bwino, Simon Dermott, atanyamula chithunzi m'nyumba mwawo, ndipo mfuti yakalekale yomwe adamuloza nayo idalira mwangozi n'kumukalula pamkono. Apolisi sakadawaitana, poti akadafufuzanso zithunzizo. Mapeto ake adamumanga bala, n'kumuperekeza pagalimoto mpaka ku hotela ya Ritz. Tangoganizani, mwini nyumba kukatula wakuba pakhomo!

Mphwanga adayamba nane limodzi kuonera. Patatha mphindi 20 adafunsa kuti, "Achimwene, nanga ayamba liti kumenyana?" Nditamuuza kuti muno mulibe zibakera, adanyamuka ulendo kukaonera mpira. Sindikumuda. Ambirife tidakulira m'mavidiyo shoo momwe filimu yabwino idali ya Rambo kapena Jackie Chan, ndipo ukatswiri tinkauyeza ndi chiwerengero cha anthu ogwa.

Koma tisanadziwe Rambo tidayamba tadziwa Kalulu. Pamoto paja agogo akamasimba nthano, ndani ankakhala mbali ya Njovu kapena Fisi? Tonse tinkadziwa kuti Kalulu ndi kamberembere, wabodza, nthawi zina wakuba weniweni. Tinkamukondabe chifukwa adali wamng'ono pakati pa zimphona, ndipo chida chake chidali mutu basi. Ine ndikuona kuti kukoma kwa filimuyi kwagona pamenepo.

Taonani mmene Simon adabera. Chiboliboli chija adachitchinga ndi timagetsi toti munthu akangodutsitsa dzanja, alamu ilire. Iye sadadule waya ngakhale mmodzi. Adatenga boomerang, kamtengo kokhota kaja ka ku Australia komwe ukakaponya kamabwerera, n'kukaponya pakati pa timagetsito. Alamu idalira, apolisi adathamanga, adapeza zonse zili m'malo. Adaponyanso kachiwiri. Apa akuluakulu a boma okhala pafupi adali atatopa nalo phokoso, foni zikulira kuti anthu akulephera kugona, ndipo mkulu wa alonda adazimitsa alamuyo ndi dzanja lake lomwe. Simon adawerengera zoti munthu amatopa, ndiponso amaopa bwana kuposa wakuba. Pamalo pa chiboliboli adasiyapo botolo, ndipo Nicole, atavala ngati mayi wokolopa, adachibisa m'ndowa. Ndani amayang'ana kawiri mayi wokolopa?

Chikondi nacho chidabwera mwa njira yomweyo ya ukathyali. Awiriwa ankanamizana kuyambira tsiku loyamba. Nicole sadanene chifukwa chomwe ankafunira kuba, pomwe Simon sadali mbava n'komwe, adali kadaulo wofufuza zithunzi zachinyengo amene adabwera kudzagwira bambo ake. Aliyense ankadziwa kuti mnzakeyo pali chomwe akubisa, ndiye kucheza kwawo konse kudali ngati bawo, uyu kutapa, uyu kubweza. Palibe adagwada ndi duwa m'manja. Ankangonyogodolana, ndipo woonera umachita kuona kuti kunyogodolako ndiye kufunsira kwake.

Gawo lomwe lidandigwira mtima ndi la m'kachipinda kosungira matsache ndi ndowa, pansi pa masitepe, momwe adabisala kudikira usiku. Malo ake ngosakwana anthu awiri, mawondo kugundana, mlonda n'kuwakhomeramo osadziwa. Simon adakoka kiyi ndi maginito kuchokera mkati. Mmenemo ndimo adamuuza Nicole kuti nkhope yake ikufanana ndi ya chiboliboli chija, ndipo kuti iye adadziwa kalekale kuti n'chabodza. Nanga bwanji munthu wanzeru zake adalolera kuika khosi pampeni chifukwa cha chinthu chopanda mtengo? Nicole adatenga kanthawi kuti amvetse yankho, ife oonera tidali titalimva kale. Filimu zambiri za chikondi masiku ano zimathamangira kuchipinda chogona. Iyi idasankha cha matsache, zovala zili m'thupi, koma kutentha kwake n'kwina.

Ndikudziwa alipo ena anena kuti filimu zotere zimakometsa kuba, ndipo sindiwatsutsa msanga. Pa 19 Okutobala 2025, mumzinda womwewo wa Paris, anthu anayi adafika ku Louvre m'mawa, awiri adakwera pazenera, ndipo pasanathe mphindi 8 adali atathawa ndi mikanda ndi zodzikongoletsera zina za mafumu akale za ndalama pafupifupi mayuro 88 miliyoni. Pa intaneti anthu adachita nazo nthabwala ngati ndi filimu. Koma kumeneko alonda adaopsezedwa ndi makina odulira zitsulo, ndipo chisoti cha mfumukazi Eugénie adachigwetsa pothawa n'kuchiwononga. Ife kuno Cashgate ya 2013 idatiphunzitsa kuti kuba kwa anthu ovala masuti kumakathera pa wodwala amene wapeza shelefu yopanda mankhwala. Palibe adaseka.

Olemba filimuyi ankazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake adaikonza mochenjera kuti pasapezeke wolira. Katundu wobedwayo ngwa eni ake omwe, komanso ngwabodza. Palibe womwalira. Yemwe adapusitsidwa kwambiri ndi Davis Leland, mpondamatiki wa ku America amene adafika pomuveka Nicole mphete pofuna chiboliboli chija. Pomaliza adachilandira mwachinsinsi, wokondwa zedi, koma sangachionetse munthu aliyense mpaka imfa. Mkulu ameneyu sindidamumvere chisoni ngakhale pang'ono. Sankafuna kukongola kwa chinthucho, ankafuna dzina la Cellini ndi kudziwa kuti mnzake alibe.

Pomwe filimuyi yandizembera ndi pa bambo aja. Bonnet ngwachinyengo weniweni, ndipo ndalama zomwe ankalandira zidali zenizeni. Filimu idamukhululukira pongoti amabera olemera okhaokha, chonsecho ndi mawu omwewo amene aliyense wogulitsa katundu wa feki amadzitonthoza nawo. Ndidaseka naye, komabe ndikudziwa kuti akadandigulitsa ine sindikadaseka.

Kufooka kumeneku si kwa m'filimu mokha. Han van Meegeren wa ku Netherlands adamangidwa m'chaka cha 1945 pomuganizira kuti adagulitsa chithunzi cha Vermeer, chuma cha dziko, kwa Hermann Göring, mmodzi wa akuluakulu a Hitler. Podzipulumutsa adaulula kuti adajambula yekha, ndipo adajambulanso china akuluakulu akuona kuti akhulupirire. M'chaka cha 1947 adamugamula chaka chimodzi chokha, koma adamwalira asanalowe m'ndende. Anthu ambiri kwawoko adamutenga ngati ngwazi yopusitsa Göring, n'kuiwala kuti adapusitsanso anthu a mtundu wake omwe.

Amene mukufuna kuionera, dziwani kuti imayamba mwakachetechete, ndipo mphindi zina za Leland akadazidula sibwenzi titadandaula. Zovala za Hepburn adasoka ndi Givenchy, pomwe nyimbo adapeka ndi John Williams asanatchuke ndi Star Wars m'chaka cha 1977.

Kumapeto, Simon adawauza apongozi akewo kuti mmodzi mwa awiriwa ayenera kupuma pantchito, ndipo Bonnet adavomera nkhope ili yachisoni. Galimoto ya ana aja isanatuluke n'komwe pageti, kudatulukira kasitomala wofuna chithunzi cha Van Gogh, ndipo mdala uja adamulandira ndi manja awiri, kumwetulira mpaka m'makutu.