Fayilo Isagone pa Tebulo

Chisamukire likulu la dziko lino kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe m'chaka cha 1975, maina a maunduna a boma asintha kambirimbiri. Ena aphatikizidwa, ena agawidwa, monga unagawidwira paŵiri Unduna wa za Maphunziro mu Januwale 2025. Ife sitikutsutsa zimenezi. Koma mphunzitsi wa ku Chitipa amene wapuma pa ntchito, ndipo akudikira ndalama zake za penshoni, dzina la unduna alibe nalo kanthu. Iye akufunsa kumene fayilo yake yagona.

Nkosakayikitsa kuti malamulo abwino tili nawo. M'chaka cha 1998 boma linakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko yopereka mphamvu ku makhonsolo, ndi cholinga chakuti nkhani za sukulu ndi zipatala zizithera pa boma pomwepo. Nanga bwanji mphunzitsi asiye ana m'kalasi, alipire basi ndi ndalama za m'thumba mwake, kukalondola kalata ku Capital Hill? Kalasi yosiyidwayo palibe amaiŵerengera, koma ndiwo mtengo weniweni wa kuchedwaku.

Ena amati mankhwala ake ndi makompyuta. Tiwakumbutse kuti kuba kwa ndalama za boma kumene kunaululika mu 2013, kotchedwa Cashgate, kunadzera m'makompyuta omwewo oŵerengera chuma. Macheke analembedwa kwa makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, kenaka zolembedwazo nkufufutidwa. Amene anagona ndi oyang'anira. Mu 2015 kunakhazikitsidwa ntchito yokonzanso kayendetsedwe ka maofesi a boma, motsogoleredwa ndi malemu Dr Saulos Chilima, ndipo maunduna analonjeza poyera zimene adzachite. Malonjezo otere amafuna munthu wowalondola mwezi ndi mwezi.

Pa chifukwa ichi, tikupempha alembi aakulu a maunduna kuti ayambire pa kaundula wa makalata. Kalata iliyonse yolowa ilembedwe tsiku lake ndi dzina la amene waitenga, ndipo pakhale masiku odziŵika oyankhira, omatidwa pakhomo kuti mlendo aliyense aŵerenge. Fayilo ikapitirira masikuwo, mkulu wa ofesi afotokoze yekha.

Tikupemphanso boma kuti mlembi wamkulu azikhalitsa pa unduna umodzi. Womsamutsa asanadziŵe nkomwe ntchito za ofesi yake asadzamfunse zipatso. Nawo aphunzitsi aakulu atumize makalata a anzawo ku ofesi ya maphunziro ya pa boma tsiku lomwe awalandira, ndipo asunge kope lake pa sukulu.