Tisaveke Balaka jekete la ku London

Mukatchula paki m'tauni yaing'ono, ena amaseka. Akuti anthu akusowa ufa, inu mukukamba za maluwa? Koma funsani wakabaza amene wakhala padzuwa la mu Okutobala kuyambira m'mawa, kapena mayi wodikira basi ali ndi mwana kumsana, akuuzani kuti mthunzi si chinthu cha anthu olemera okha. Funso lenileni ndi lakuti: paki yake yotani?

Abale athu amene munakhala kunja munaona Hyde Park ku London, Zoo Lake ku Johannesburg ndi Harare Gardens. Kapinga wobiriwira, maluwa a m'mizere, madzi otumphuka pakati. N'zokongola, sitikukana. Koma ku London mvula imagwa mwezi uliwonse. Kuno imayamba cha mu Novembala, ikafika Epulo yatsanzika, ndipo miyezi yotsatirayo ndi fumbi lokhalokha. Ngakhale munda wa zomera wa ku Zomba, umene unayamba cha m'ma 1891 m'manja mwa Alexander Whyte, umakongola chifukwa uli m'tsinde mwa phiri, pambali pa mtsinje wa Mulunguzi. Si tauni iliyonse ili ndi mwayi wotere.

Titenge Balaka. Ndi dera lotentha, la mvula yochepa. Anthu akumeneko sanaiwale chaka cha 2018 pamene damu la Mpira ku Ntcheu linaphwa, mipopi n'kuuma. Tsono khonsolo itapatula malo a paki, n'kudzalapo kapinga ndi maluwa ofuna kuthirira tsiku ndi tsiku, madziwo achokera kuti? Kodi tidzathirira udzu amayi ali pamzere ndi zidebe? Paki yotere imakongola tsiku loitsegulira lokha. Bwana akadula riboni n'kukwera galimoto, chaka chisanathe pamatsala chipululu ndi chikwangwani.

Ife tikuti paki ya tauni ngati imeneyi iyambire pa zimene nthaka yathu ikuzidziwa kale. Mlambe umene uli pamalopo usadulidwe pofuna kuwongola njira. Njirayo ndiyo ikhote. Padzalidwe bwemba, masau, mkuyu, mthethe ndi msangu. Msangu ndi mtengo wodabwitsa: umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kuphukanso m'chilimwe, choncho umapereka mthunzi pa nthawi imene anthu akuufunitsitsa, komanso umawonjezera chonde m'nthaka. Bwemba ndi masau zimapirira chilala, ndipo ana amapezapo chotola. Bulugamu ayi, amamwa madzi ambiri. Lantana ayinso, chifukwa akalowa pamalo amapha zomera zinzake. Nkhadze imapanga mpanda wabwino, koma utomoni wake umawononga maso. Isayandikire posewerera ana.

Chachiwiri ndi madzi a mvula. Chizolowezi chathu m'matauni n'kuwathamangitsa m'ngalande za simenti ngati mdani, kenaka mu Seputembala n'kumalira kuti zitsime zauma. Alimi a kumudzi anatipitirira kale nzeru: amakumba ngalande zopingasa malo otsetsereka, amaunda akalozera, amadzala udzu wa vetiva kuti madzi adekhe n'kulowa pansi. Paki ichite chimodzimodzi. Madzi ochokera pa madenga a msika ndi m'misewu yoyandikana alowe m'maenje ozungulira mitengo. Tinjira tikhale ta miyala kapena zidutswa za njerwa, osati simenti paliponse. Namondwe Freddy mu Marichi 2023 anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe. Paki imodzi siingaletse namondwe, koma malo aliwonse omwetsa madzi amachepetsa liwiro lake m'misewu.

Kapinga akhale pabwalo losewerera pokha, ndipo akauma m'chilimwe asiyeni. Mvula yoyamba imamudzutsa. Masamba oyoyoka asatenthedwe, akwiriridwe akhale manyowa.

Ena adzati paki yotere izioneka ngati tchire, kobisala mbava ndi njoka. Nkhawa imeneyi njomveka. Yankho lake n'kusadza nthambi za m'munsi kuti maso aziona patali, kuika magetsi a dzuwa, chimbudzi chaukhondo, ndiponso kulola amayi a mandasi ndi madoda a bawo kukhalamo. Malo opanda anthu ndiwo amaopsa.

Pomaliza, ndani asankhe? M'nthawi ya Kamuzu tinkadzala mitengo pa tsiku lolamulidwa, mu Januwale. Masiku ano nyengo yodzala imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, koma matenda ake sanathe: timawerenga mbande zodzalidwa, osawerenga zimene zapulumuka kwa mbuzi ndi dzuwa. Chomwe munthu sanafunsidwe sachisamala. Makhonsolo, amene lamulo la 1998 linawapatsa udindo wa chitukuko cha m'madera, aitanitse msonkhano mapulani asanajambulidwe, ndipo malire a pakiyo alembedwe poyera kuti mawa tisadzadzuke n'kupeza wina wathirapo mchenga ndi njerwa, akuti ndi puloti yake.

M'mera mpoyamba, a Malawi anzanga. Khansala wa dera lanu akadzabwera ndi nkhani ya paki, mufunseni mafunso awiri: mudzalapo mitengo yanji, ndipo mu Okutobala idzamwa madzi a kuti?