Madzi Saiŵala Khwaŵa

M'chaka cha 2024 madzi a m'nyanja ya Malaŵi adakwera mpaka kuloŵa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Senga Bay, m'boma la Salima. Ambiri adati zimenezi nzachilendo. Ife tikuti chachilendo palibe, pakuti nyanjayi idakweranso kwambiri mu 1980, ndipo mu 1915 idatsika kotero kuti mtsinje wa Shire udaleka kutulukamo kwa zaka pafupifupi 20. Koma zolembedwa za anthu nzadzulodzuloli. Nanga za kale lomwe tingazidziŵe bwanji?

Akatswiri a sayansi amafunsa miyala ndi matope. Usana ndi usiku dziko lapansi limaombedwa ndi cheza chosaoneka chochokera kutali m'mlengalenga. Chikamenya mwala wa quartz umene uli pamtetete, m'kati mwake mumabadwa tinthu tating'onoting'ono totchedwa beryllium-10. Mwalawo ukakhalitsa poyera, tinthuto timachuluka, choncho poŵerenga kuchuluka kwake munthu amadziŵa zaka zimene zapita chivundukukire mwalawo. Ndi njira imeneyi akatswiri adayeza miyala imene idakokoloka ndi madzi oundana m'mapiri a Rwenzori, m'malire a Uganda ndi Congo, napeza kuti zaka zoposa 20,000 zapitazo madzi oundanawo ankatsika m'zigwa kutali ndi pamene akuthera lero.

Kuno kwathu mboni yaikulu ndi matope a pansi pa nyanja. Cheza chomwechi chimapanga carbon-14 mu mpweya, ndipo zomera zimamloŵetsa m'matupi mwao. Zikafa, theka lake limatha pa zaka 5,730 zilizonse, motero zotsalira za zomera m'matope zimaulula msinkhu wao mpaka zaka ngati 50,000. Matope akale kuposa apo amayezedwa ndi njira zina. Mu 2005 akatswiri adaboola pansi pa nyanja ya Malaŵi natulutsa matope osunga mbiri ya zaka zoposa miliyoni imodzi. Matopewo adaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kudagwa zilala zoopsa, ndipo nyanja idatsika ndi mamita oposa 500. Pamene asodzi a ku Salima amaponya makoka lero panali pouma.

Tsono phunziro lake nlakuti gombe la nyanja si malire okhazikika. Womanga nyumba ya njerwa pamchenga chifukwa chakuti madzi sadafikepo m'masiku ake akuseŵera ndi chuma chake. Oyang'anira malo ayenera kukana zomanga zotere asadathiridwe maziko, osati kudzadandaula madzi ali pakhomo. Tisaiŵalenso kuti magetsi a ku Nkula amadalira Shire, ndipo Shire amadalira nyanjayi. Ikadzatsika monga idachitira mu 1915, mdima sudzasankha boma.

Inu aphunzitsi, musaphunzitse za nyanja ngati chithunzi chongojambulidwa pa mapu. Pitani nawo ana kugombe, afunse akuluakulu pamene madzi adafika mu 1980 ndi mu 2024, alembe ndi kusunga. Ndipo inu amene mwangomaliza sukulu, dziŵani kuti ntchito yoŵerenga mbiri ya dziko m'miyala ndi m'matope ikusoŵa Amalaŵi ambiri oigwira. Makolo athu adaona kutali pamene adati madzi saiŵala khwaŵa. Woiŵala ndi munthu, ndipo ndiye amalipira.